Ignacy Paderewski: katswiri wa piyano amene adasenza udindo wa nduna yaikulu ya Poland

Pa 28 Juni 1919, nthumwi za maiko osiyanasiyana zidasonkhana kunyumba yachifumu ya Versailles, kufupi ndi mzinda wa Paris m'dziko la France, kudzasaina pangano lotsekera nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mmodzi mwa anthu awiri omwe adasainira dziko la Poland adali Ignacy Jan Paderewski, yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu komanso nduna yoona za ubale wa dzikolo ndi maiko akunja.

Mkuluyu sadakulire m'chipani cha ndale, sadakhalepo msilikali, ndipo adali asadagwirepo ntchito mu ofesi ya boma. Kwa zaka pafupifupi 30 dziko lapansi lidamudziwa ngati katswiri woimba limba la piyano. Kutchuka kumeneku ndi komwe kudamutsegulira makomo a atsogoleri a maiko akuluakulu panthawi yomwe anthu a mtundu wake adalibe boma ngakhale kazembe wowayankhulira.

Mbiri yake ndi ya munthu yemwe adapereka luso ndi chuma chake pomenyera ufulu wa dziko lake, koma atapatsidwa udindo woliyendetsa adaona kuti kukopa mitima ya anthu ndi kuyendetsa boma ndi ntchito ziwiri zosiyana. Pampando wa nduna yaikulu adakhalapo miyezi yosakwana 11.

Ubwana m'dziko lofufutidwa pamapu

Paderewski adabadwa mu Novembala 1860 m'mudzi wa Kuryłówka m'chigawo cha Podolia, dera lomwe masiku ano lili m'dziko la Ukraine. Panthawiyo dziko lotchedwa Poland kudalibe. Maufumu atatu oyandikana nalo, a Russia, Prussia ndi Austria, adakhala akuligawana m'zaka za 1772, 1793 ndi 1795 kufikira dzina lake lidachoka pamapu a ku Ulaya. Dera lomwe iye adabadwira lidali m'manja mwa Russia.

Bambo ake, a Jan Paderewski, adali kapitawo woyang'anira minda ya anthu achuma. Mayi ake, a Poliksena, adamwalira patangopita miyezi yochepa iye atabadwa. Mu 1863 anthu a ku Poland adaukira ulamuliro wa Russia, ndipo bambo akewo adamangidwa powaganizira kuti ankathandiza oukirawo. Ignacy ndi mlongo wake Antonina adasungidwa ndi achibale kufikira bambo awo atatuluka m'ndende.

Mu 1872, ali ndi zaka pafupifupi 12, adapita ku Warsaw kukayamba maphunziro pasukulu yaikulu ya nyimbo. Aphunzitsi ena kumeneko sadaone tsogolo lake pa piyano, kaamba koti kumudzi adaphunzira mwachisawawa ndipo zala zake zidazolowera kaimbidwe kolakwika. Ena adamulangiza kuti alimbikire kupeka nyimbo, pomwe mphunzitsi wina adamuuza kuti mwayi wake uli pa lipenga la trombone. Ngakhale zidali choncho, iye adamaliza maphunziro ake mu 1878 ndipo sukulu yomweyo idamulemba ntchito yophunzitsa piyano.

Mu 1880 adakwatira Antonina Korsak, yemwe adaphunzira naye limodzi. Banjali silidakhalitse chifukwa mkaziyo adamwalira atangobereka mwana wamwamuna, Alfred, yemwe adakula ndi ulumali. Motero Paderewski adaferedwa mkazi ali ndi zaka pafupifupi 20, ali ndi mwana wofunika chisamaliro chapadera komanso malipiro ochepa a uphunzitsi.

Kuyambiranso ali wamkulu

Atasiya mwanayo m'manja mwa achibale, iye adapita ku Berlin komwe adaphunzira kupeka nyimbo kwa Friedrich Kiel ndi Heinrich Urban. Koma mtima wake udali pa kuimba piyano pamaso pa anthu, ndipo ndalama zolipirira mphunzitsi wodziwika adalibe.

Thandizo lidachokera kwa Helena Modrzejewska, mayi wa ku Poland yemwe adali atatchuka kale pa zisudzo ku Ulaya ndi ku America. Awiriwa adakumana mu 1884 ku Zakopane, tauni ya kumapiri kummwera kwa Poland. Mayiyu adavomera kuonekera naye limodzi pa phwando la maimbidwe mumzinda wa Kraków, ndipo ndalama zomwe zidapezeka zidamufikitsa ku Vienna kwa Theodor Leschetizky, mmodzi mwa aphunzitsi a piyano otchuka zedi m'nthawi imeneyo.

Akatswiri ambiri a piyano amayamba kuumbidwa ali ana aang'ono, minofu ya manja isadakhwime. Paderewski adafika kwa Leschetizky ali ndi zaka pafupifupi 24, ndipo mphunzitsiyo sadamubisire kuti wachedwa. Adamubweza pachiyambi penipeni, pa nyimbo zophunzitsira zala zomwe adalemba Carl Czerny, ngati mwana wongoyamba kumene. Munthu yemwe adali kale mphunzitsi adavomera kukhalanso mwana wasukulu, ndipo ankakhala pa piyano maola ochuluka tsiku lililonse. Ndalama zitamuthera adakagwira ntchito yophunzitsa ku Strasbourg kwa pafupifupi chaka, n'kubwereranso ku Vienna kudzapitiriza. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zipatso zidayamba kuoneka mu 1887 pomwe adaimba ku Vienna. Mu Malichi 1888 adaimba muholo ya Salle Érard ku Paris, ndipo kuchokera tsiku limenelo dzina lake lidayamba kumveka ku Ulaya konse. Ku London, komwe adafika mu 1890, zinthu zidayamba movuta: pakonsati yoyamba padabwera anthu ochepa ndipo olemba nkhani ena adamudzudzula kuti amamenya piyano mwamphamvu kwambiri. Koma makonsati otsatira adadzaza maholo, ndipo mu 1891 adaitanidwa kukaimba pamaso pa Mfumukazi Victoria ku Windsor.

Ntchito ya woimba piyano wa mtundu umenewu ndi yolemetsa. Amakhala yekha pansanja kwa maola awiri kapena kuposerapo, kuimba nyimbo zazitali zochokera pamtima popanda kuyang'ana pepala, ndipo nthawi zina amaimba motsagana ndi gulu lalikulu la oimba zida zosiyanasiyana lotchedwa okestra. Paderewski ankaimba nyimbo za Beethoven, Schumann ndi Liszt, koma zomwe adadziwika nazo koposa ndi za Fryderyk Chopin, wopeka nyimbo wa ku Poland yemwe adamwalira ku Paris mu 1849. Zambiri mwa nyimbo za Chopin zidachokera ku magule a kwawo monga mazurka ndi polonaise, choncho nthawi iliyonse yomwe Paderewski ankaziimba ankakumbutsa omvera za mtundu womwe udalibe dziko.

Akatswiri anzake ena ankati zala zake sizidali zaliwiro ngati za ena omwe adayamba ali ana, komanso kuti ankatambasula kapena kufupikitsa nthawi ya nyimbo momwe wafunira. Koma omvera wamba ankakopeka ndi kukoma kwa mawu omwe ankatulutsa m'piyano, ulemu wake pansanja, ndi maonekedwe ake, makamaka tsitsi lake lambiri lofiirira lomwe ojambula zithunzi ankalikonda.

Ulendo wa ku America

Pa 17 Novembala 1891 Paderewski adaimba koyamba ku America muholo ya Carnegie Hall mumzinda wa New York, yomwe idali itangotsegulidwa chaka chomwecho. Ulendowu idakonza ndi kampani yopanga mapiyano ya Steinway, ndipo m'miyezi pafupifupi inayi iye adachita makonsati oposa 100.

Ulendowu udamusiyira chilema. Piyano imatulutsa mawu pomwe chala chadina kiyi ndipo kanyundo kakang'ono kamenya nsambo m'kati mwake. Makiyi a mapiyano omwe ankagwiritsa ntchito ku America adali olimba kuposa omwe adazolowera ku Ulaya, ndipo ali mumzinda wa Rochester adavulala mkono wamanja ali m'kati moimba. Sadaimitse ulendowo. Adasintha kagwiritsidwe ntchito ka zala kuti apewe chala chovulalacho n'kumaliza makonsati otsala, koma ululu wa m'mikono udamuvutitsa kwa zaka zambiri.

Kuchokera pamenepo ankabwerera ku America kawirikawiri. Ankayenda m'bogi yakeyake yomwe inkakolekedwa kusitima, momwe mudali chipinda chogona, wophika wake ndi piyano yoyeserera, ndipo ankafika ngakhale m'matauni ang'onoang'ono momwe anthu adali asadaonepo woimba wa mtundu wake. Adakaimbanso ku Australia ndi New Zealand mu 1904 komanso ku South Africa mu 1912. Adakhala mmodzi mwa oimba olandira ndalama zambiri padziko lonse m'nthawi yake.

Kupeka nyimbo sadakusiye. Kanyimbo kake kakafupi kotchedwa Minuet in G kadafalikira m'nyumba zambiri zomwe zidali ndi piyano. Adalembanso nyimbo ya piyano ndi okestra yotchedwa Piano Concerto in A minor, komanso sewero loimba lotchedwa Manru, lomwe lidaonetsedwa koyamba ku Dresden mu 1901 ndi ku Metropolitan Opera ku New York mu 1902. Nyimbo yake yaitali ya okestra, yodziwika ndi dzina loti Polonia, idaimbidwa koyamba ku Boston mu 1909.

Mu 1897 adapeza nyumba yotchedwa Riond-Bosson kufupi ndi tauni ya Morges m'dziko la Switzerland, yomwe idakhala kwawo kwa zaka zoposa 40. Mu 1899 adakwatira Helena Górska, mayi yemwe adathandiza kwa nthawi yaitali kulera mwana wake Alfred. Mwanayo adamwalira mu 1901. Patsogolo pake, atapita ku Paso Robles m'chigawo cha California kukafuna chithandizo cha mikono yake pa akasupe a madzi otentha, adagulanso minda kumeneko momwe adadzalamo mphesa ndi mitengo ya zipatso.

Chuma chake sichidali chake yekha. Mu 1896 adapereka madola 10,000 kukhazikitsa thumba lolimbikitsira opeka nyimbo a ku America. Mu 1910 adalipira ndalama zonse zomangira chipilala cha Grunwald mumzinda wa Kraków, chokumbukira zaka 500 chichitikire nkhondo ya mu 1410 pomwe asilikali a Poland ndi Lithuania adagonjetsa gulu lankhondo la Teutonic Knights. Zomwe adayankhula potsegulira chipilalacho pamaso pa khwimbi la anthu zidaonetsa a kwawo kuti woimbayu adalinso ndi mphatso yoyankhula pagulu.

Piyano isanduka chida chomenyera ufulu

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, anthu a ku Poland adapezeka pakati pa moto. Anyamata awo adalembedwa usilikali m'magulu ankhondo a Russia, Germany ndi Austria, motero pachibale ankaomberana, ndipo nkhondo yambiri ya kummawa kwa Ulaya idamenyedwera m'minda ndi m'midzi yawo. Njala ndi matenda zidafalikira.

Mu Januwale 1915, Paderewski pamodzi ndi mlembi Henryk Sienkiewicz, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 1905, adakhazikitsa komiti yothandiza anthu ovutika ndi nkhondo ku Poland. Likulu lake lidali ku Vevey m'dziko la Switzerland. Chaka chomwecho iye adawolokera ku America komwe adasintha kachitidwe ka makonsati ake: ankayamba ndi kuyankhula za mavuto a dziko lake, kenako n'kukhala pa piyano kuimba nyimbo za Chopin, ndipo ndalama zinkapita kuthumba la chithandizo. Adayankhula pamisonkhano mazanamazana ndipo adayesetsa kugwirizanitsa mabungwe a anthu ochokera ku Poland okhala ku America, omwe kawirikawiri ankakokanakokana.

Chinthu chachikulu chomwe kutchuka kwake kudamupezera ndi ubwenzi ndi Edward House, mlangizi wodalirika wa mtsogoleri wa dziko la America, Woodrow Wilson. Kudzera mwa House, iye adakumana ndi Wilson, ndipo mu Januwale 1917 adapemphedwa kulemba chikalata chofotokoza momwe dziko la Poland lingakhalire likabwezeretsedwa. Pa 22 Januwale 1917 Wilson adatchula poyera, m'nyumba ya malamulo ya Senate, kufunika kwa dziko la Poland logwirizana ndi lodzilamulira. Pa 8 Januwale 1918 adalengeza mfundo 14 zobweretsera mtendere, ndipo mfundo ya nambala 13 idali yokhazikitsa dziko la Poland loima palokha lokhala ndi njira yotulukira kunyanja.

Panthawiyi Paderewski adali nthumwi ku America ya komiti ya dziko la Poland yomwe inkagwira ntchito ku Paris motsogozedwa ndi Roman Dmowski. Adathandizanso kukopa anyamata zikwizikwi ochokera m'mabanja a ku Poland okhala ku America kuti alowe gulu lankhondo lomwe lidaphunzitsidwa ku Canada n'kukatumikira ku France pansi pa mkulu wa asilikali Józef Haller.

Miyezi ya pampando

Nkhondo itatha mu Novembala 1918, Poland idabadwanso patatha zaka 123, koma idabadwa ndi mitu iwiri. Ku Warsaw mphamvu zidali m'manja mwa Józef Piłsudski, msilikali yemwe adakhala mtsogoleri wa dziko, koma maiko opambana pankhondo ankamukayikira chifukwa kumayambiriro kwa nkhondo asilikali ake adamenya kumbali ya Austria. Ku Paris kudali komiti ya Dmowski, yomwe maikowo ankaizindikira koma idalibe ulamuliro m'dzikomo. Akuluakulu awiriwa sankamwerana madzi. Padafunika munthu yemwe mbali zonse zikadamulandira, ndipo yemwe maiko akunja ankamukhulupirira.

Paderewski adafika padoko la Gdańsk pa 25 Disembala 1918 pasitima ya nkhondo ya Britain. Tsiku lotsatira adafika ku Poznań, mzinda womwe udali udakali m'manja mwa Germany, ndipo adayankhula kwa khamu la anthu lomwe lidasonkhana pahotela ya Bazar. Pa 27 Disembala anthu a m'chigawocho adaukira ulamuliro wa Germany, ndipo dera lalikulu lidabwerera m'manja mwawo. Pa 16 Januwale 1919 Piłsudski adamusankha kukhala nduna yaikulu komanso nduna ya zakunja.

Zipatso zoyamba zidabwera mwachangu. Pa 26 Januwale 1919 kudachitika chisankho cha aphungu a nyumba ya malamulo, chomwe amayi nawo adaponya voti. M'masabata ochepa maiko a America, France, Britain ndi Italy adazindikira boma la Poland. Bungwe la chithandizo la America lotsogozedwa ndi Herbert Hoover lidayamba kutumiza chakudya, ndipo pamapeto pake linkadyetsa ana oposa 1 miliyoni.

Koma walira mvula walira matope. Boma latsopanoli lidalandira zigawo zitatu zomwe kwa zaka zoposa 100 zinkayendera malamulo osiyana, misonkho yosiyana ndi ndalama zosiyana. Njanji zidamangidwa moloza ku Berlin, Vienna ndi St Petersburg, osati molumikiza mizinda ya Poland. Mafakitale adali ataphwasulidwa, mitengo ya katundu inkakwera, ndipo m'malire mudali nkhondo: ndi anthu a ku Ukraine m'chigawo cha Galicia, ndi dziko la Czechoslovakia pa dera la Cieszyn, komanso ndi asilikali a Bolshevik kummawa.

Nduna yaikuluyo idathera nthawi yambiri ku Paris pa zokambirana za mtendere. Kumeneko luso lake lidaoneka, pakuti ankayankhula Chingerezi ndi Chifalansa bwino lomwe ndipo ankatha kukambirana ndi Wilson, Georges Clemenceau wa France ndi David Lloyd George wa Britain popanda womasulira. Komabe sadapeze zonse zomwe anthu a kwawo ankayembekezera. Lloyd George adakana zoti Poland ipatsidwe madera onse omwe inkafuna. Mzinda wa Gdańsk udasandutsidwa mzinda woima pawokha pansi pa bungwe la League of Nations, ndipo tsogolo la chigawo cha migodi ya malasha cha Upper Silesia lidasiyidwa kuti anthu akeake adzaliponyere voti.

Padalinso nkhani ya nkhanza zomwe Ayuda adachitiridwa m'mizinda ina monga Lwów ndi Pińsk m'miyezi yoyamba ya ufulu, zomwe zidaipitsa mbiri ya dzikolo kunja. Paderewski adapempha Wilson kuti atumize nthumwi zodzafufuza, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Henry Morgenthau lidafika m'dzikomo mu 1919. Maiko akuluakulu adaumirizanso Poland kusaina pangano lapadera loteteza mitundu ya anthu ochepa. Iye adadandaula kuti panganolo likulowerera ufulu wa dziko lodzilamulira, koma adalisaina tsiku lomwelo lomwe adasaina pangano la Versailles. Pangano la Versailles lomwelo ndi lomwe lidalanda Germany maiko omwe inkalamulira mu Africa, kuphatikizapo dera lomwe lidadzatchedwa Tanganyika.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Atabwerera ku Warsaw adapeza aphungu akumuimba mlandu woti adagonjera maiko akunja. Adalibe chipani chakechake chomuteteza m'nyumba ya malamulo. Ankadzudzulidwa kuti sadziwa kayendetsedwe ka maofesi, kuti amachedwetsa ziganizo, komanso kuti mkazi wake Helena amalowerera nkhani za boma. Ubale wake ndi Piłsudski, yemwe ndiye adagwira asilikali ndi mfundo za kummawa, udazilala. Mu Novembala 1919, maiko akuluakulu atagamula kuti Poland ingoyang'anira chigawo cha kummawa kwa Galicia kwa zaka 25 m'malo mochitenga kotheratu, otsutsa adapeza chifukwa chokwanira. Mu Disembala 1919 iye adatula pansi udindo ndipo Leopold Skulski adalowa m'malo mwake.

Kumayambiriro kwa 1920 adabwerera ku Switzerland ali wokhumudwa. Adavomera kuimira Poland kubungwe la League of Nations kufikira mu 1921, koma sadakhazikikenso m'dziko lomwe adalimenyera ufulu.

Kubwerera pa piyano

Zaka za nkhondo ndi za ndale zidamudyera chuma chambiri, pakuti adagwiritsa ntchito ndalama za m'thumba mwake pa chithandizo ndi pa ntchito zoimira dziko. Adali atatha zaka pafupifupi zisanu osachita makonsati. Ali ndi zaka pafupifupi 62 adayambiranso kuyeserera, ndipo pa 22 Novembala 1922 adaonekeranso ku Carnegie Hall. Anthu adamulandira ataimirira, ndipo ulendo womwe udatsatira udamubwezeretsera chuma chake.

M'zaka zotsatira adapitiriza kuimba ndi kupereka. Adachita makonsati othandiza asilikali opuma a maiko omwe adamenya nkhondo, ndipo mu 1925 boma la Britain lidamupatsa ulemu wapadera. Mu 1931 adapereka kumzinda wa Poznań chipilala cha Woodrow Wilson. Mu 1932, pomwe chuma cha America chidalowa pansi, adaimba ku Madison Square Garden ku New York pamaso pa anthu pafupifupi 16,000 pofuna kuthandiza oimba omwe adalibe ntchito. Kunyumba kwake ku Riond-Bosson ankaphunzitsa achinyamata aluso ochokera ku Poland. Mkazi wake Helena adamwalira mu 1934.

Ndale za kwawo sadaziiwale. Piłsudski adalanda boma mwaupandu mu Meyi 1926, ndipo ulamuliro womwe udatsatira udapondereza otsutsa. Mu 1936 atsogoleri ena otsutsa, kuphatikizapo Władysław Sikorski, Wincenty Witos ndi Józef Haller, adagwirizana ndi Paderewski kupanga mgwirizano womwe udatchedwa Front Morges potengera dera lomwe iye ankakhala. Mgwirizanowu sudaphule kanthu kwenikweni m'dzikomo, koma ena mwa anthu ake ndi omwe adadzatsogolera boma la Poland lokhala kunja nkhondo itabukanso.

Mu 1937 adaonekera mu kanema wa ku Britain wotchedwa Moonlight Sonata, momwe anthu a masiku ano angathe kumuona akuimba ali nkhalamba. Chaka chomwecho adavomera kutsogolera ntchito yosindikiza nyimbo zonse za Chopin, ndipo mabuku omwe adatuluka pambuyo pa imfa yake amadziwika ndi dzina lake. Ulendo wake womaliza wa makonsati ku America udali mu 1939, ndipo udathera panjira atadwala.

Zaka zomaliza

Pa 1 Sepitembala 1939 Germany idathira nkhondo Poland, ndipo pa 17 Sepitembala asilikali a Soviet Union adalowa kuchokera kummawa. Dziko lomwe Paderewski adalisainira ku Versailles lidagawidwanso patangotha zaka 20. Chipilala cha Grunwald chomwe adamangitsa ku Kraków chidagwetsedwa ndi asilikali a Germany.

Boma la Poland lidakakhazikika ku France motsogozedwa ndi Sikorski, ndipo Paderewski adasankhidwa kukhala wapampando wa khonsolo yomwe inkagwira ntchito ngati nyumba ya malamulo ya bomalo. Adayankhula pamsonkhano wake woyamba ku Paris mu Januwale 1940 ali wofooka kwambiri. France itagwa m'manja mwa Germany, iye adachoka ku Switzerland mu Sepitembala 1940, n'kudutsa ku France, Spain ndi Portugal, ndipo adafika ku New York mu Novembala, mwezi womwe ankakwanitsa zaka 80.

Kumeneko adayambiranso ntchito yomwe adaigwira zaka 25 m'mbuyomo, yoyankhula pawailesi ndi pamisonkhano kupemphera dziko lake chithandizo. Mu Juni 1941 adadwala chibayo ndipo adamwalira pa 29 Juni kuhotela ya Buckingham mumzinda wa New York.

Mwambo wa maliro udachitikira kutchalitchi cha St Patrick mumzindawo. Mtsogoleri wa dziko la America, Franklin Roosevelt, adalamula kuti thupi lake lisungidwe mongoyembekezera kumanda a asilikali a Arlington kufikira dziko la Poland litamasuka. Bokosi lake lidaikidwa m'chipinda cha pansi pa chipilala chokumbukira sitima ya nkhondo ya USS Maine.

Kuyembekezerako kudatenga zaka 51, chifukwa nkhondo itatha Poland idagwa pansi pa ulamuliro wa chikomyunizimu wothandizidwa ndi Soviet Union. Ulamulirowo udatha mu 1989, ndipo pa 5 Julayi 1992 thupi la Paderewski lidaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St John ku Warsaw, pamwambo womwe padali atsogoleri a maiko awiri, Lech Wałęsa wa Poland ndi George H. W. Bush wa America. Mtima wake udatsala ku America, ndipo umasungidwa kumalo opatulika a Akatolika ochokera ku Poland ku Doylestown m'chigawo cha Pennsylvania.

Olemba mbiri amasiyana maganizo pa momwe adayendetsera boma, ndipo ambiri amavomereza kuti ntchito ya tsiku ndi tsiku ya m'maofesi idamukulira. Chomwe sakanirana ndi chakuti m'miyezi yoyamba ya 1919, pomwe dziko latsopanolo likadatha kugawanika pakati pa Warsaw ndi Paris, iye ndiye adalumikiza mbali ziwirizo, adalipezera kuzindikiridwa ndi maiko akunja komanso chakudya cha ana ake, ndipo aphungu atasiya kumukhulupirira adatula pansi udindo mwamtendere. Chipilala cha Grunwald chidamangidwanso mu 1976, sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Poznań imatchedwa ndi dzina lake, ndipo mumzinda wa Bydgoszcz mumachitika mpikisano wa oimba piyano ochokera m'maiko osiyanasiyana womukumbukira.